Membala Asanyamule Katundu

Abale anga amene mwakhala pakhonde pano ndi ndodo zanu kudikira kuti akuitaneni, ndakupatsani moni nonse. Anamwino andipempha kuti ndicheze nanu pang'ono nthawi isanakwane. Zonenazi ndachita kulemba, chifukwa ndikamayankhula za pamtima ndimakonda kudumpha malo amene ndikuonekapo woipa, ndipo m'nkhani iyi malo otere ndi ambiri.

Dzina langa ndine Anselimo, ndimakhala kuseri kwa Fonte Boa. Kumudzi dzina limenelo salidziwa, amati aPulofesoro. Musaganize kuti ndidaphunzitsapo mwana wa munthu. Shikola ya ku mishoni ndidalekeza kalasi yachiwiri, bambo atandiitanitsa kuti ndizikaweta ng'ombe. Zotsalazo ndidadziphunzitsa ndekha, pa mapaketi a mbewu, pa nyuzi zokulungira nsomba, ndi pa buku limodzi lomasulira mawu a Chipwitikizi limene ndidagula pamsika wa Ulongwe. Bukulo makoswe adayamba kuliwerenga ine ndisanaligule, ndipo adadya kuyambira A mpaka C. Choncho Chipwitikizi changa chimayambira pa D.

Komabe aliyense m'mudzi akalandira chikalata cha ku boma kapena cha ku shikola ankabwera nacho kwa ine. Ndinkavala magalasi, kutsokomola kaye, n'kuwerenga. Pamene mawu andizemba ndinkaikapo anga. Zaka makumi atatu, mawu oti "sindikudziwa" sadatulukepo pakamwa panga.

Kachasu ndidamuyamba ngati mankhwala a chisanu. Inu a kuno mukudziwa mmene mphepo imalowera m'mafupa chimanga chikangolowa m'nkhokwe. Koma chisanu chinkatha, ine osatha. Tsiku limene ndidagwa, ndidapita ndi ngolo kumsewu kukagulitsa matumba a kachewere kwa a malole. Nditagulitsa ndidapatukira kwa mayi wina wotcheza. Pobwerera dzuwa linali lisanapendeke n'komwe. Ndidaimirira m'ngolo yopanda kanthu, ndikulalikira ng'ombe zanga m'Chipwitikizi za kufunika kwa maphunziro. Gudumu lidalowa m'chigwembe, ndipo ndidauluka n'kukatera pamwala ndi mbali ya kumanja.

Ng'ombe zidapitiriza ulendo. Zinkadziwa njira kuposa mwini wake. Akazi anga, aNambewe, ataona ngolo yafika yokha pabwalo, adatsata mikwasa ya magudumu mpaka adandipeza. Phazi langa lidagona cham'mbali ngati la munthu wina, mwendo wakumanja utafupika. Ndidayesa kudzuka, ndipo ululu wake sindingaufotokoze. Inunso simukufunika kufotokozeredwa.

Kuno ku Ulongwe adandijambula n'kunena kuti fupa la ntchafu lathyoka kumtunda, pansi penipeni pa nyonga, ndipo si la pulasitala ayi. Adanditumiza ku chipatala chachikulu ku Tete. Paliponse pamene ankandifunsa ndinkati ng'ombe zidadzidzimuka ndi njoka. Njokayo inali m'botolo, koma aNambewe sadandiulule.

Ku Tete ndidagona masiku angapo mwendo ataumangirira cholemera kuti usafupike. Kutentha kwa kumeneko ife a kumapiri sitikuzolowera. Manja ankanjenjemera chifukwa chosowa kachasu, ine n'kumati ndi malungo. Kenaka adotolo adabwera kudzafotokoza zimene adzachite. Pambali pawo padaima anamwino ena, mayi wa ku Domwe, woyankhula Chinyanja chathu chomwechi. Ntchito yawo pamenepo inali yondimasulira. Atangoyamba, ndidakweza dzanja n'kuwauza m'Chipwitikizi changa cha pa D kuti asavutike, ndikumva zonse. Odwala anzanga m'chipindamo adandiyang'ana ndi ulemu. Ulemu umenewo ndi umene ndinkafuna. Kunena zoona, pa mawu anayi aliwonse a adotolo ndinkagwirapo amodzi.

Zimene adanena tsikulo ndidazimvetsa pambuyo pake, mochedwa. Fupa la ntchafu lili ngati nsungwi, lili ndi mphako m'kati. Likathyoka pamalo ngati panga, amalowetsa msomali wautali wachitsulo m'mphakomo, kuchokera pamwamba pa nyonga kutsikira cha ku bondo. Kumtunda amamanga palafuzo wamkulu, kachitsulo ka mazinga komangidwa mopotokola, wolowa m'mutu wa fupa, kumunsi apalafuzo ang'onoang'ono opingasa, kuti zidutswa zisazungulire kapena kutsetsereka. Tsiku la operasawu adandibaya pamsana, kuchokera m'chiuno kutsika kudafa dzanzi. Ndinali maso. Ndinkamva nyundo ikugogoda ngati akukhoma denga kwa aneba, ndipo zidanditengera kanthawi kuzindikira kuti nyumba yake ndine. Mabala adali atatu okha, aang'onoang'ono.

Patapita masiku awiri adandiuza kuti akundibweretsera makanadiyana awiri. Ndidaganiza kuti ndi masisitere a ku Canada odzaona odwala, mpaka ndidapesa ndevu. Adabwera ndi ndodo ngati zanuzi. Bambo wophunzitsa kuyenda adandionetsa kayendedwe kake, mwendo wodwala uli m'mwamba, n'kuyankhula zambiri. Ine ndinkangogwedeza mutu. Mumtima ndidati zokweza mwendozi n'za masiku ano okha pamene bala lili laliwisi.

Tsiku lotuluka adandipatsa chikalata. M'munsi mwake mudalembedwa mzere uwu, umene ndidzafa ndikuukumbukira: "Sem carga no membro operado, seis semanas."

Tiyeni tiuwerenge limodzi monga ndidauwerengera ine. Mawu oyambawo, sem, ndi kunena kuti popanda. Carga sadali m'buku langa, makoswe adapita naye, koma ndani kuno sadziwa karga? Ukakwera minibasi ya shapa ndi thumba la nyemba, kondakitala amati karga ilipire payokha. Karga ndi katundu. Membro ndi membala, wa bungwe la alimi, wa kwaya, wa chipani. Operado ndi wochitidwa operasawu. Ndidamwetulira ndekha: membala amene wachitidwa operasawu asanyamule katundu masabata asanu ndi limodzi. Lamulo lokoma chonchi sindidalilandirepo chibadwire.

Pamene ine ndinkamwetulira ndi chikalata, anamwino a ku Domwe aja adaitanira aNambewe pakhomo n'kuwauza m'Chinyanja choyera kuti mwendowo usaponde pansi mpaka adotolo atauonanso. ANambewe sadziwa kuwerenga. Koma m'zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi za banja lathu sadaiwalepo chinthu chimene adauzidwa kamodzi.

Masabata awiri oyamba kunyumba ndinali womvera, chifukwa ululu ndiwo unkandilondera. Sabata yachitatu ululu udayamba kugona. Lamulungu lake, anthu a mumphakati wathu atatuluka ku Misa adabwera kudzandizonda. Tidakhala pakhonde, anthu ngati khumi ndi awiri. Ndidafuna kuwaonetsa kuti chitsulo cha ku Tete si masewera, ndiye ndidatsamiritsa ndodo imodzi kukhoma n'kuima ndi miyendo yonse iwiri. ANambewe, amene ankagawira alendo chimanga chokazinga, adanena motsitsa mawu kuti anamwino adati mwendowo usaponde.

Ndikadangokhala pansi. Koma ndidaitanitsa magalasi. Ndidatsokomola, n'kuwerenga mzere uja m'Chipwitikizi kawiri, kenaka n'kuumasulira liwu ndi liwu. Anthu adavomereza ndi mitu. Ndiye ndidawonjezera mawu amene mpaka lero amandibwererabe.

"Mayi, za m'khonde la chipatala zisiyeni. Munthu amene khomo la shikola adangoliona podutsa popita kuchigayo asamatsutsane ndi chikalata cha adotolo."

Anthu adaseka. Sadaseke mwankhanza, adaseka monga anthu amasekera nthabwala ya wodwala kuti amulimbitse mtima. ANambewe adamaliza kugawa chimanga chija, n'kulowa m'nyumba.

Kuchokera apo zidathamanga. Ndodo ziwiri zidasanduka imodzi. Imodziyo idasanduka kamtengo ka bulugamu. Sabata yachinayi ndidafika kudimba kukaona kabichi. Tsiku lotsatira ndidafika kwa mayi wotcheza uja. Ndipo lamulo ndinkalisunga, abale anga, mosaphonya. Sindidanyamule khasu, sindidanyamule mpando, ngakhale chipewa ndinkachita kuganizira kaye. Kachasu ndinkamwera komweko kuti ndisanyamule botolo. Anthu akandifunsa ndinkati madotolo a masiku ano amafuna munthu aziyenda. ANambewe adanenanso kawiri kapena katatu, ine n'kumagwira thumba la malaya mmene munali chikalata. Kenaka adaleka.

Sabata yachisanu, ndikudumpha kangalande pobwera komwa, ndidamva kanthu kakuti tswa pamwamba pa bondo. Ululu udabwera wina, wa m'kati, wosafanana ndi woyamba uja. Ndidaubisa. Ndidawonjezera kachasu kuti ukhale chete. Tsiku lobwerera ku Tete lidafika n'kudutsa, ine ndikunena kuti msewu ndi wautali ndipo ndachira kale. Koma munthu sungabise mwendo kwa amene amakuchapira buluku. ANambewe adaona kuti mwendo wa buluku wakumanja wayamba kukwekwereza pansi n'kudetsedwa kumunsi, pamene wakumanzere uli bwino. Tsiku lina m'mawa adaika madzi osamba, n'kundiuza kuti mawa akukwera shapa ya ku Tete, kaya ndi ine kaya okha ndi chikalata. Sadakweze mawu. Ndidapita.

Pano ndiyenda pang'onopang'ono, chifukwa ndi pamene ndimafuna kudumpha.

Atandijambulanso, tidalowa m'chipinda cha adotolo. Munali mipando iwiri. Ine ndidakhala, aNambewe adaima chakukhoma. Anamwino a ku Domwe aja analipo. Adotolo adaika zithunzi ziwiri powala, chakale ndi chatsopano, n'kuziyang'ana nthawi yaitali. Ngakhale ine wa kalasi yachiwiri ndidaona. Pa chakale, palafuzo wa kumunsi anali wowongoka. Pa chatsopano anali zidutswa ziwiri, ndipo fupa lidatsetsereka n'kukhalirana. Adotolo adafunsa kanthu mwachidule. Anamwino sadayang'ane ine. Adatembenukira kwa aNambewe.

"Mayi, paja pakhomo paja ndidakuuzani chiyani?"

ANambewe adayang'ana pansi, akupotokola mfundo ya nsalu yawo. Anamwino adapitiriza, osati mokalipa kwenikweni, koma ngati munthu wotopa. Adati n'chifukwa chake amaitana wodwazika pambali, chifukwa wodwala amakhala ndi ululu ndipo samva bwino. Adati adawauza kawiri, ndipo adavomera. Adati tsopano onani, ntchito yonse ija ili pafupi kuwonongeka, bambowa mwina sadzayendanso okha, chifukwa cha mawu ochepa amene munthu wamkulu adalephera kusunga.

"Ndidaiwala, mayi," adatero aNambewe. "Pepani."

Ndikufuna mumve bwino zimene zidachitika mwa ine, chifukwa umboni wopanda pamenepa ndi nthano chabe. Mtima wanga udapuma. Ndidasangalala. Ndidaona njira yotulukira m'chipindamo ndikadali aPulofesoro, wodwala wosalakwa amene mkazi wake wosaphunzira adaiwala malangizo. Chimene chinkafunika n'kungokhala chete, ndipo ndidakhaladi chete. Anamwino adapukusa mutu n'kuyamba kumasulira kwa adotolo kuti mayiwa adaiwala. Adotolo adatenga cholembera.

Kugwa m'ngolo nditaledzera si pamene ndidatsika kwambiri. Pamene ndidatsika ndi pampando uja, ndili bwinobwino, ndisanalawe kanthu, ndikuonerera mkazi amene ndidamuseketsa pagulu akudziveka bodza kuti ine ndisasekedwe.

Sindikudziwa chimene chidatsegula pakamwa panga. Ndikadakonda kunena kuti ndi Mzimu Woyera, ndipo mwina ndi momwemo, koma chimene ndikukumbukira ndi cholembera chija. Ine moyo wanga wonse ndakhulupirira kuti cholembedwa ndiye choona. Ndidaona kuti adotolo akangolemba, zikhala choncho mpaka kale: aNambewe adaiwala. Ndidapempha anamwino, m'Chinyanja, kuti awauze adotolo adikire. Aka kanali koyamba kuwayankhula m'Chinyanja.

Ndidati mayiwa sadaiwale. Adandiuza, kangapo, ndipo ine ndidawatsutsa ndi chikalata. Ndidachitulutsa m'thumba, chitafewa ndi thukuta. Magalasi ndidawasiya. Ndidawerenga mzere uja n'kuumasulira monga ndidachitira pakhonde kwathu, liwu ndi liwu, mpaka pa membala wosanyamula katundu.

Ndinkayembekezera kuti aseka, ndipo kukadakhala kopepuka akadaseka. Anamwino adafotokozera adotolo. Adotolo adavula magalasi awo n'kutikita m'maso. Kenaka anamwino adabwera pafupi, n'kuloza pachikalatapo ndi chala.

"Bambo, m'Chipwitikizi cha kuchipatala, membro ndi chiwalo. Membala ndi mwendowu." Adasuntha chala. "Ndipo katundu ndinuyo."

Masabata onse aja ndinkapewa kunyamula chipewa, ndikusenzetsa fupa lothyoka thumba lathunthu la munthu, tsiku ndi tsiku, kupita nalo kokamwa ndi kubwera nalo.

Adotolo adayankhula, ndipo ulendo uno ndidalola kuti andimasulire zonse. Adati msomali sudathyoke, koma ndi umene wasenza chilichonse tsopano. Adati anthu ambiri amaganiza kuti chitsulo chalowa m'malo mwa fupa, pamene chimangogwirizira kuti fupa lipeze mpata wolumikizana. Chitsulo ukamachipinda uku ndi uku ngati waya, tsiku lina chimaduka. Chikaduka fupa lisanagwirane, ndi operasawu ina yaikulu kuposa yoyamba, ndipo pa msinkhu wanga sakadalonjeza kuti ndidzasiya ndodo. Adati tiyambirenso kuwerenga, masabata asanu ndi atatu osaponda. Kufupika kwa mwendo kokha sikudzabwerera. Pomaliza adafunsa ngati ndimamwa, chifukwa mowa umachedwetsa fupa ndipo umagwetsa munthu wa ndodo. Ndidawauza za njoka ija kuti kunalibe.

Mu shapa pobwerera, kukwera mapiri aja, mphepo yozizira idayamba kulowa pazenera. Ndidafunsa aNambewe chifukwa chake adanama. Adati anthu a m'chipatala sadzationanso, koma ine ndikadatuluka mmenemo nditasweka kawiri, ndipo wondidwazika ndi iwo omwe. Ndidapepesa chifukwa cha kukalipiridwa kuja.

"Za anamwino sizidandipweteke," adatero akuyang'ana kunja. "Anamwino sindiwadziwa. Aja adaseka pakhonde ndimatunga nawo madzi."

Choncho sitepe yoyamba yochira siinali ya mwendo. Lamulungu lotsatira ndidatuma uthenga kuti a mumphakati abwerenso, omwe aja, pakhonde lomwe lija. Nditakhala pampando, mwendo uli pa kampando kena, ndidawauza tanthauzo la membro ndi la carga, ndi kuti aNambewe ndiwo adanena zoona. Ndidawauzanso kuti amene ndidawawerengerapo chikalata chofunika, cha malo kapena cha kuchipatala, akachionetsenso kwa aphunzitsi enieni a ku mishoni. Mkulu wina adati safunsa adadya phula, koma aPulofesoro apitirira, adya palafuzo. Adaseka, ndipo ulendo uno wosekedwa anali woyenera. ANambewe sadatuluke m'nyumba, koma chitseko chinali chotsegula.

Tsopano za masabata asanu ndi atatu aja, mwina wina zimuthandiza. Sindine dotolo, mwamva kale mmene udotolo wanga udathera. Ena mwa inu adakuuzani kuti muziponda kuyambira tsiku loyamba, chifukwa fupa lanu lidathyoka mosiyana ndi langa, ndipo kwa inu kuponda ndiye mankhwala. Musatengere lamulo la mnzanu wa pa bedi loyandikana. Funsani lanu, m'chiyankhulo chimene mumalota nacho, ndipo mukauzidwa mubwereze ndi pakamwa panu kuti wokuuzaniyo amve ngati mwamva. Pakhale wina wa kunyumba womvetsera nanu. Akakukumbutsani, musamufunse kuti adalekeza kalasi yanji.

Kusaponda si kugona. Izi ndidachita kufunsa kuno. Munthu ukangogona, miyendo imatupa, chifuwa chimadzaza, nyama ya ntchafu imasungunuka. M'mawa uliwonse ndinkavinitsa phazi, m'mwamba ndi pansi, ngati ndikupalasa makina osokera. Ndinkalimbitsa ntchafu, kuwerenga mpaka khumi, n'kumasula. Kenaka ndodo ziwiri, kuzungulira nyumba, mwendo uli m'mwamba ngati tambala pa mame. Mvula itayamba pabwalo padaterera, ndiye ndinkazungulira m'nyumba momwemo, titachotsa mphasa ndi chilichonse chokola ndodo.

Chimene palibe amakonda kuchitchula ndi chimbudzi. Cha dzenje chimafuna kunjuta, ndipo ndi msomali m'ntchafu simunjuta. Masabata oyamba aja ndinkazunzika chifukwa cha manyazi. Ulendo wachiwiri tidatenga mpando wakale wa matabwa, mlamu wanga adauboola pakati, tidauika pamwamba pa dzenje n'kukhoma mtengo wogwirira pambali. Ndi mpando wokhawo wa upulofesa umene ndidaupeza m'moyo uno.

Kudabwera anthu achifundo ndi nzeru zawo. Wina adafuna kuthowa ntchafu ndi masamba otentha n'kuikanda kuti fupa libwerere. Ndidakana, fupa lokhomedwa silikandidwa. Wina adati chitsulo chimaitana mphenzi, ndisamakhale pakhonde mvula ikamabwera. Ndidakafunsa, ndipo anamwino adati mphenzi ilibe nane ntchito kuposa mmene inalili kale. Adandiuza zoyenera kuopa zenizeni: bala likafiira, kutentha kapena kutuluka mafinya, thupi likatentha, msumbi wa mwendo, kuseri pansi pa bondo, ukatupa n'kumawawa, kapena ululu watsopano ngati wanga uja. Zikatero ndi tsiku lomwelo kuchipatala, osati mawa. Kudya, ndinkadya nyemba, mazira, matemba ndi mafupa ake omwe, ndi masamba.

Za kachasu sindinama kuti ndidamugonjetsa ndi mphamvu zanga. Poyamba adandigonjetsera ndi mtunda, chifukwa ndi mwendo umodzi kwa mayi uja sikufikika. Koma anzanga akumowa ali ndi chikondi, adayamba kubwera ndi kabotolo m'jekete. Tsiku lina ndidalandira. Ndidamwa theka, ndipo podzuka ndodo idaterereka, ndidagwira chitseko mwendo utatsala pang'ono kumenya pansi. Kuyambira pamenepo ndidapempha aNambewe kuti alendo anga onse azikhala nawo limodzi pakhonde. Palibe kabotolo kamene kadatulukanso m'jekete. Chilakolako chikadalipo, makamaka mphepo ikawomba kuchokera kumapiri. Ndikachimva ndimachinena mokweza kuti lero chabwera, ndipo chikanenedwa chimachepa mphamvu.

Masabata asanu ndi atatu atatha adandilola kuponda pang'ono, ngati ukuponda dzira osafuna kuliswa, ndodo zikusenza zotsalazo. Patapitanso masabata ena tidabwerera ku Tete kukajambulitsa komaliza. Usanaone chithunzicho sudziwa kuti wapambana ndani, fupa kapena kuduka kwa chitsulo. M'njira monse ndinkamvetsera ntchafu yanga ngati munthu womvetsera injini.

Adotolo adaika chithunzi powala. Pamene panali mng'alu panali chinthu choyera, chotupa ngati mfundo ya mtengo pamene nthambi idadulidwa kalekale. Adagogoda pamenepo ndi chala n'kumwetulira. Msomali unali wathunthu. Anamwino adandiuza kuti fupa lagwirana, ndiziponda ndi thupi lonse, ndodo ndizisiye pang'onopang'ono. Ndidabwereza mawu awo onse, ndipo ndidafunsa aNambewe ngati amva chimodzimodzi. Adati inde.

Tidatuluka m'khonde lalitali la chipatalacho. Ndidaima, ndodo ili kumanzere, n'kuuza mwendo kuti uponde. Udakana. Ine amene ndinkadumpha ngalande ataniletsa, tsopano atandilola ndidauma ngati chitsa. M'mutu mwanga munkangomveka tswa uja. Ndidauza aNambewe kuti mwina tidikire sabata ina, sitingadziwe, mwina adotolo sadaone bwino.

ANambewe adagwira ndodo ija n'kuikoka pang'onopang'ono mpaka ndidaisiya. Adayenda nayo masitepe ngati khumi, n'kutembenuka, ataipanira m'khwapa ngati mtolo wa nzimbe.

"Shapa ya ku Ulongwe sidikira munthu, bambo. Tiyeni."

Ndidaponda. Mwendo udanjenjemera, nyonga idalira, koma idagwira. Ndidapondanso. Ndinkapendekera kumanja ngati ngolo ya gudumu limodzi lophwa, ndipo mpaka lero ndimatero, ngakhale wosoka nsapato wa pamsika adandiwonjezera chidutswa cha tayala kunsi kwa nsapato. Nditatsala sitepe imodzi kuti ndiwafike, adabwerera m'mbuyo masitepe ena asanu. Nditafikanso, adabwereranso. Tidatero mpaka pachipata, anthu akutipatuka, iwo akuyenda chafutambuyo, osamwetulira, maso ali pa phazi langa.

Umboni wanga wathera pamenepa, abale anga. Ndaona chitseko chatsegulidwa, ayamba kuitana maina. Mukalowa, musagwedeze mutu msanga.